Namba imene inatsala pakamwa pa agogo anu aakazi

Magetsi apita, ndiye timafoni tanuto tisiyeni tipume. Kokerani mkeka kuno kumthunzi wa nimu, m'nyumbamo mwasanduka uvuni. Iwe Tereza, dzulo unakwiya nditaseka pamene unkawerenga mokweza ntchito yako ya kusukulu, ija ya manamba otchedwa primo. Sindinkaseka iwe, mwanawe. Liwu limenelo linatsala pang'ono kundilanditsa mkazi, ndipo linatsala pang'ono kumenyetsa msuweni wanga wosalakwa. Nkhaniyi mpaka lero sindinaimvetse bwinobwino, koma ndikuuzani mmene ndinaionera.

Agogo anu a Filomena, akuluakulunu munawapeza atakhala kale pampando, ang'onoang'ononu simunawapeze n'komwe. Ine ndinawadziwa akuyenda ngati akuthamangitsidwa, manja ali mbuu ndi choko. Anali aphunzitsi a masamu. Ine ndinali woyendetsa kamyau, lole yonyamula katundu ija. Kwathu tonse ndi ku Ulongwe, ku Angonia, kumene m'mawa ukayankhula m'kamwa mumatuluka utsi chifukwa cha chisanu. Inu obadwira m'ng'anjo muno mu Tete simungazimvetse. Mumavala juzi mitambo ikangophimba dzuwa.

Kamyau yanga yoyamba inali yoliza ndi chitsulo chopukusa kutsogolo. Ikakana, chitsulocho chimabwerera n'kukumenya pamkono mpaka misozi. Ndinkatsika nayo kuchokera kumapiri itadzaza kachewere ndi kabichi, pobwerera ndinkakweza nsomba zouma ndi mchere. Ndinaonako ngakhale masiku amene mlatho kunalibe, magalimoto ankawoloka Zambezi atakwezedwa pa chombo, woyendetsa uli gwa kugwira buleki, maso ali pamadzi. Lero mumawoloka mukugona m'shapa, timinibasi tanuti, n'kumadandaula kuti kwatentha.

Agogo anuwo ndinakumana nawo pamsewu womwewo. Anaimitsa kamyau atanyamula bokosi la mabuku, akupita kukayamba ntchito kuno. Asanakwere anayang'ana chikwangwani cha kutsogolo n'kunena kuti, "Namba ya galimoto yanuyi ndi yokongola." Ine mtima phaa, ndinati mtsikanayu wandikonda, akungozungulira. Ulendo wonse ndinayendetsa chifuwa chili patsogolo. Tinakwatirana, tinabereka, ndipo ndi pamene mayi anu a Lusiya ankayamba kuyenda pamene ndinadziwa kuti tsiku lija ankanenadi za nambayo basi.

Anali otero. Manamba ankawasankha ngati mmene mayi amasankhira nyemba pa lichero: awa apa, awa apo. Awa amagawika pakati osatsala kanthu, awa amatsala imodzi. Tikakwera basi ankawerenga namba ya tikiti n'kumwetulira okha. Ine ndikawafunsa chimene akusekerera ankayamba kufotokoza, ine n'kumagwedeza mutu, koma m'mutumo muli matayala ndi dizilo. Iwonso ndikawauza za giya ankagwedeza mutu chimodzimodzi. Tinakhala bwino choncho, aliyense ndi zake, nyumba imodzi.

Atapuma ntchito anapeza kadimba ku Nhartanda, kunsi kuja kwa chinyezi, n'kumalima tomato ndi mpiru. Kumeneko n'kumene anagwera, nyengo yotentha ija masau atatha. Amayi olima nawo pafupi ndi amene anawanyamula. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda aja opha ziwalo mbali imodzi. Anatuluka amoyo, koma dzanja lamanja ndi mwendo zinali zitafa, pakamwa patapotoka, ndipo mawu onse anali atathawa. Munthu amene ankalankhula kutsogolo kwa ana tsiku lonse, tsopano ngakhale madzi sankatha kupempha. Tinawakhazika pampando pakhonde paja, mayi anu akuwasambitsa, ine ndikuwadyetsa phala ndi supuni.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina masana ndikuwapukuta pakamwa, ndinangomva mawu. Osati kubuula ayi, mawu enieni, omveka, a m'kalasi:

"Trinta e três milhões, quinhentos e cinquenta mil, trezentos e trinta e seis."

Supuni inagwa. Ndinafuula kuitana mayi anu. "Lusiya! Amako alankhula!" Anabwera akuthamanga, sopo ali m'manja, n'kugwada. "Amayi, ndine Lusiya. Nenaninso." Iwo anamuyang'ana, n'kubwereza namba yomweyo. Kenaka anatseka maso, milomo ikugwedera popanda mawu, chala cha dzanja lamoyo chikugogoda pampando, go, go, go. Patapita kanthawi anatsegula maso n'kunena liwu limodzi: "Primo."

Mayi anu anatenga khala n'kulemba pasimenti: 33 550 336. Tinaima tonse n'kumaiyang'ana ngati njoka yalowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo zinali zomwezo tsiku ndi tsiku. Ukawafunsa ngati akufuna madzi, namba. Ukawafunsa ngati pakupweteka, namba. Kenaka go, go, go, kenaka primo. Ine ndinasokonezeka, ana inu. Ndinakafukula makhadi athu onse, chiphaso chawo, changa, chiphaso choyendetsera galimoto, palibe chofanana. Mayi wina wa ku Malawi amene ankagulitsa zitenje pafupi ndi ife kuno ku Chingodzi anati imeneyo ndi foni ya kwawo, anaiimba, foni inangolira tuu n'kuduka. Mnyamata woyendetsa sitima ya malasha anati mwina ndi namba ya ngolo. Ngolo yanji, munthu sanakwerepo sitima? Mkulu wina wa kutchalitchi anabwera, anaiyang'anitsitsa, anati 33 ndi zaka za Ambuye, zimenezo n'zabwino, koma 336 yakumapetoyo ikumudetsa nkhawa chifukwa yayandikira theka la namba ya chilombo. Ndinamufunsa za 550 yapakatiyo. Anati akaipempherera.

Koma chimene chinabweretsa moto si nambayo, ndi liwu lija. Inu mukudziwa kuti pa Chipwitikizi primo ndi msuweni. Tsono ine ndinali ndi msuweni wanga mmodzi yekha muno mumzinda, a Tome, amene anali ndi kagolosale ku Mpadue. Munthu wofatsa, wachibwibwi, woopa ngakhale nkhuku yofungatira. Tsoka lake, masiku ochepa agogo anu asanagwe anabwera kudzationa atanyamula mwendo wa mbuzi. Anthu anaphatikiza: mwendo wa mbuzi, mwendo wakufa, golosale ikuyenda bwino, wodwala akutchula msuweni. Nkhani inakwera mapiri mpaka ku Ulongwe, ndipo inakafika itanenepa. Kumeneko inamveka kuti ine ndi a Tome tinapangana kukhwimira mkazi wanga, ndipo nambayo ndi chizimba chimene tinamuika m'mutu.

Anatsika alamu anga a Bonifasio, mchimwene wawo wa agogo anu. Kwathu mukudziwa, mlongo wa mkazi ndiye mwini mbumba, akalankhula walankhula. Sanalandire ngakhale madzi. Anakhala pafupi ndi mlongo wawo, anamva namba, anamva primo, n'kutembenukira kwa ine.

"Alamu, mlongo wanga ndinakupatsani akulankhula."

"Zoona, alamu."

"Lero akutchula munthu. Mukufuna atchule kangati?"

"Alamu, ine sindikudziwa chimene akunena."

"Simukudziwa, kapena simukufuna kudziwa? Loweruka ndibwera ndi galimoto. Mlongo wanga akupita kwawo. Za msuweni wanuyo tikambirana ndi anyamata."

Ndikanayankha chiyani? Ndikanati si zoona, akanandifunsa kuti nanga zoona ndi ziti, ine n'kukhala kukamwa yasa. Ndipo ndisakubisireni, mutu ukasokonezeka umalola chilichonse. Panali nthawi imene ndinkayang'ana mkazi wangayo n'kumadzifunsa ngati m'katimo mudakali munthu, kapena ndi wailesi chabe yoiwalika yosazimitsa. A Tome anatseka golosale, ana ankawagenda malata. Anatumiza uthenga woti akufuna kudzaona wodwala, ine ndinawabweza, kuopa kuti angadzafere pakhomo panga.

Sabata imeneyo ndinakwera shapa kupita kutsidya kukatenga mankhwala. Nambayo inali itandilowa ngati nyimbo ya maliro, ndinkainena osadziwa kuti ndikuinena. Tili pakati pa mlatho, tapanikizana, thukuta lili chuchuchu, ine ndikung'ung'udza: "Trinta e três milhões, quinhentos e cinquenta mil..." Ndinangomva wina pambali panga akumaliza: "...trezentos e trinta e seis."

 Ndinatembenuka. Anali mayi wachitsikana, wovala ovolosi ya kumigodi ya ku Moatize, mpango wa Chisilamu kumutu, nsapato zazikulu ngati za msilikali. Ankandiyang'ana akuseka.

"Pepani bambo, ndakudzidzimutsani. Koma namba imeneyo muno mu Tete amaidziwa ndi anthu amene anaphunzira kwa munthu mmodzi yekha. Kodi munali mwana wasukulu wa aphunzitsi a Filomena?"

Ndinati, "Ndine mwamuna wawo." Kenaka, ine munthu wamkulu, ndinalira m'shapa, kondakitala akundiyang'ana.

Dzina lake anali Amina, makolo ake anachokera ku Malawi kudzachita malonda kuno. Ndinamufotokozera zonse titatsika, titaima padzuwa. Nditafika pa a Tome anagwira pakamwa. Anayamba kundilongosolera pomwepo, koma ine sindinatolepo kanthu. Ndinangomugwira dzanja n'kunena kuti, "Mwananga, usandiuze ine, ine ndi mutu wa dizilo. Ubwere Loweruka udzauze alamu anga."

Loweruka galimoto inafika m'mawa, matiresi atayala kale kumbuyo. Mayi anu ankalongedza zovala akulira. Amina anafika a Bonifasio akumangitsa mpando wa wodwala pagalimoto, agogo anu titawakhazika pampando wina pakhonde. Anapereka moni mwaulemu, anavula nsapato zake zija, n'kukagwada pamaso pa agogo anu.

"Aphunzitsi, ndine Amina, uja ndinkakhala kutsogolo chifukwa cha maso."

Iwo anamuyang'ana, n'kunena namba yawo.

"Mwamva?" anatero a Bonifasio. "Ndi zimenezi. Dikirani mumve amene amutchule."

"Bambo, ndiloleni pang'ono," anatero Amina. Pakhonde panali mbale ya masau ouma. Anatapa n'kuyala pansi asanu ndi limodzi. "Masau awa mungawagawe mofanana m'njira zingati? Limodzilimodzi, awiriawiri, atatuatatu. Ndiye 1, 2 ndi 3. Mukaphatikiza zimenezi mupeza 6 yomweyo. Yabwerera mwini wake. Tsono yesani 8: imagawika ndi 1, 2 ndi 4, pamodzi 7, yaperewera. Yesani 12: 1, 2, 3, 4 ndi 6, pamodzi 16, yasefukira. Manamba ambiri ndi operewera kapena osefukira. Okwanira ndendende ndi osowa kwambiri. Woyamba ndi 6, kenaka 28, kenaka 496, kenaka 8128. Wachisanu ndi ameneyu akunena aphunzitsiyu. Chaka chikamatha, mayeso atatha, ankatilembera pabolodi n'kutiuza kuti tiigawe pakati, tiigawenso, mpaka ikane."

A Bonifasio anayang'ana masau, anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana masau. Kunena zoona ndinasochera pa 8 pomwe.

"Zanu za masauzo ndazimva," anatero alamu. "Ine ndikufunsa za msuweni. Primo ameneyu ndi ndani?"

"Si munthu, bambo. Ndi mtundu wa namba. Namba imene sigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, ngati 7 kapena 13, pa masamu timaitcha primo."

"Msuweni wa ndani?"

"Wa palibe aliyense. Mawu angofanana."

"Iwe mwana, usandipusitse. Namba ingakhale ndi msuweni?"

Amina sanatsutsane nawo. Anatembenukira kwa agogo anu, anakweza mawu ngati mwana wa m'kalasi. "Aphunzitsi, 33 550 336. Theka lake?"

Chala chija chinali chitayamba kale kugogoda. Chinaima. Maso anatseguka. Ndipo anayankha, mokweza, namba ina imene tinali tisanaimvepo: 16 775 168.

Mayi anu anaponya chikwama pansi. Amina anatulutsa foni, anabaya, n'kuonetsa a Bonifasio. Zinali zomwezo. "Theka lake?" Anayankha. "Theka lake?" Anayankhanso. Amina ankabaya, iwo n'kumutsogolera, foni ikubwera pambuyo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti kugogoda kuja sikunali kunjenjemera kwa matenda. Go aliyense anali kugawa. Miyezi yonse ija, ife tikuitana a kutchalitchi ndi kuimba mafoni, munthu ankagwira ntchito yake m'mutu, yekhayekha, popanda womufunsa.

Atafika pa 4 193 792, Amina anandiphinyira diso n'kunena yekha kuti, "Imeneyi ndikuidziwa, aphunzitsi. Theka lake ndi 2 096 886."

Ana inu, dzanja lamanzere lija linamenya mpando mpaka mbale ya masau inagubuduka.

"Ayi!"

Tonse tinadumpha. Nkhope inali itakwinyika, diso lili psuu, mmene ankayang'anira mwana waulesi. "Ayi!" anabwereza, n'kukonza: 2 096 896. Amina anaseka misozi ikutsika, "Pepani aphunzitsi, ndalakwa." Anapitiriza mpaka anafika pa 8191. Pamenepo agogo anu anatsamira kumbuyo, anapumira m'mwamba, n'kunena mofatsa, "Primo."

"Mwaona bambo," anatero Amina, "yagawika pakati kakhumi ndi kawiri, yafika pa 8191, yakana. Imeneyo sigawikanso ndi chilichonse. Ndi primo amene akunenayo."

A Bonifasio anaika chipewa pabondo. Kenaka anasendera pafupi, n'kunena ndi mawu ang'ono amene sindinawamvepo, "Filo, ndine Boni. Tipite kumudzi?" Agogo anu anawayang'ana, anawagwira dzanja, n'kuyambanso namba yawo kuchokera pachiyambi. Alamu anatembenukira kwa Amina. "Ndiye akuti inde kapena ayi?" Amina anati sakudziwa. Anandiyang'ana ine, inenso sindinkadziwa. Mayi anu ndi amene anati, "Amalume, ayi amatha kunena. Mwamva nokha. Koma kumudzi adzawafunsa theka ndani?"

Alamu anaimirira, anakauza woyendetsa kuti atsitse mpando. Anafunsa njira ya ku Mpadue. Ndinachita mantha, ndinati ndiwaperekeze, anakana. Madzulo a Tome anabwera okha kudzandiuza kuti kunafika mkulu wina, anawatsegulitsa golosale, anagula sopo, anaima nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Bambo, zikuoneka kuti si inu, ndi 8191," n'kumapita. A Tome anandifunsa kuti ameneyo ndi ndani. Ndinayesa kuwafotokozera ndi masau, tinasochera tonse awiri.

Amina ankabwera akapuma kuntchito, koma ntchito ya kumigodi simasiya munthu. Tsono ntchito yofunsa theka inagwera ine. Ndinamufunsa tsiku lina kuti namba yokwanirayi imagwira ntchito yanji, kodi amamangira milatho kapena amayezera malasha. Anati iye sanaigwiritsepo ntchito iliyonse. Ndinati nanga bwanji mwa mawu onse a m'dziko, maina a ana awo, mapemphero, nyimbo, chinatsala ndi chimenechi? Anati madokotala mwina angadziwe. Ndinakafunsa, nawonso anangotambasula manja.

Choncho masana aliwonse, dzuwa likapendeka, ndinkakhala pasimenti paja ndi khala m'manja, ine wa zaka zanga, kuphunzira kugawa. Iwo ankatchula namba, ine n'kulemba, n'kuyamba kutuluka thukuta. Amina ankalakwitsa dala, ine sindinkafunika kuchita dala. "Ayi!" Ndifufute ndi chigongono. "Ayi!" Anthu odutsa ankayesa tikukangana. Koma ndinaona kuti tsiku limene andikalipira kwambiri, phala ankamaliza lonse. Pang'onopang'ono mawu ena anayamba kubwerera, ochepa, ngati mbuzi zobwera zokha madzulo: madzi, iwe, tseka. Ambiri sanabwerere.

Panapita mvula ina yathunthu ndisanafike kumapeto osalakwa. Tsiku limenelo ndinatsika bwinobwino, mzere ndi mzere, simenti yonse yakuda, mpaka ndinalemba 8191. Palibe ayi ngakhale mmodzi. Ndinanyada, ana inu, ngati tsiku limene ndinakwera phiri la ku Zobue ndi katundu wodzaza osazimitsa injini. Mwa kunyadako ndinaiwala zonse zimene Amina ananena. Ndinajambula kamzere n'kuyamba kuigawanso 8191 pakati. Inatsala imodzi. Ndinafufuta, ndinayambiranso, inatsalanso imodzi. Ndinayesa ndi 3, yakana. Ndi 7, yakana. Ndinayamba kuitukwana ngati nati yochita dzimbiri.

Ndinamva kaphokoso kumpando, ngati munthu watsamwa. Ndinadzuka mothamanga, mayi anunso anatuluka m'khitchini ndi kapu ya madzi. Sanatsamwe. Ankaseka. Pakamwa popotoka paja, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsikira m'khutu, akuloza simenti ndi chala. Anaseka mpaka chifuwa. Atapuma anatambasula dzanja lamoyo lija, anandilanda khala, analiponya pabwalo, n'kundigwira pamkono.

"Basi, bambo a Lusiya," anatero. "Basi. Khalani."

Ndinakhala pansi pomwepo, pambali pa mpando wawo, manja ali bii, mpaka dzuwa linalowa.